Lipoti: Makina okumbira Bitcoin pa nyumba ina ku Area 25

Ntchito yanga ndi ya magetsi a m'nyumba ndi sola. Ndimakoka mawaya, kumanga mapanelo padenga, kulumikiza mainveta ndi mabatire. Masiku ano ndimaitanidwanso pa nkhani za makompyuta, poti anthu ambiri amaona kuti chilichonse chokhala ndi pulagi ndi cha mmisiri mmodzi. Lipoti ili ndi la ntchito imene ndinagwira kuyambira mu Okutobala 2024 mpaka mu Febuluwale 2025 pa nyumba ina ku Area 25 mu mzinda wa Lilongwe. Eni nyumbawo sindiwatchula maina. Ndalemba chifukwa funso limene anandifunsa, loti kodi makina okumbira ndalama ya pa intaneti yotchedwa Bitcoin angapange phindu pa nyumba, ndakumana nalonso kwa anthu ena chichitikireni zimenezi, ndipo onse amabwera atagwira foni yoonetsa chithunzi cha makina, pomwe nkhani yeniyeni ili pa mita ya magetsi ndi pa soketi ya pakhoma.

Mmene zinayambira

Bambo a panyumbapo ndi mphunzitsi wopuma pantchito. Mwana wawo wamwamuna amagwira ntchito ku Johannesburg, ndipo ndi iye amene anawatumizira pa WhatsApp chithunzi cha makina okumbira Bitcoin otchedwa Antminer S19j Pro, ogwirapo kale ntchito, amene munthu wina kumeneko ankagulitsa motchipa. Mwanayo anaganiza bwino ndithu. M'malo motumiza ndalama mwezi ndi mwezi, ankafuna kugula makina amodzi, kuwakweza basi yodzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete, kuti akafika kwawo azipangira makolo ake ndalama usana ndi usiku. Ine anandiitanira ntchito yaing'ono: kuika soketi mu boyizi kota, m'chipinda chimene ankasungiramo makasu ndi matumba a chimanga.

"Amisiri, sindikufuna zambiri," anatero bambowo. "Mungondiikira soketi yolimba. Zinazo mwana akuti makinawo amadziwa okha."

"Bambo, soketi ndiika," ndinayankha, "koma tisagule mbereko mwana asanabadwe. Mundilole ndiyambe ndaona mita ndi malisiti a mayunitsi."

Anandipatsa envulopu yodzaza ndi malisiti, osanjidwa bwino mwezi ndi mwezi monga amachitira aphunzitsi. Nyumba yonse inkagwiritsa ntchito mayunitsi pafupifupi 250 pamwezi. Padenga panali mapanelo anayi a mawati 550 lililonse, inveta ya 5 kVA ndi batire limodzi la lithiamu losunga mayunitsi pafupifupi 5, zimene anaika magetsi atavuta kwambiri mu 2022, namondwe Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale chaka chimenecho.

Zimene makinawa amachita

Ndinayenera kuyamba ndafotokoza, chifukwa mawu akuti "kukumba" anawapatsa bambowo chithunzi cha munthu amene akakumba kwambiri amapeza zambiri. Sizili choncho kwenikweni. Pa Bitcoin, makina a padziko lonse amapikisana kulosera nambala imene ingatsekere tsamba latsopano la kaundula wa malonda. Tsamba limodzi limatsekedwa pa mphindi pafupifupi 10 zilizonse, kutanthauza masamba 144 patsiku, ndipo amene walosera molondola amalandira mphotho. Bitcoin itayamba mu Januwale 2009 mphothoyo inali 50. Imadulidwa ndi theka pakatha zaka pafupifupi zinayi zilizonse, ndipo mu Epulo 2024 inatsika kuchoka pa 6.25 kufika pa 3.125. Choncho dziko lonse limagawana Bitcoin zatsopano pafupifupi 450 patsiku, kaya makina ndi ochepa kaya ndi ochuluka. Makina akachuluka, masamu amaumitsidwa pakatha masamba 2,016 alionse, pafupifupi masabata awiri, kuti liwiro likhale lomwelo.

Ndinawauza kuti zili ngati mphika umodzi wa nsima wosakula, koma odya akungowonjezeka. Gawo lako limadalira kukula kwa dzanja lako poyerekeza ndi manja a anthu onse. Kukula kwa dzanjako kumayezedwa ndi materahashi pa sekondi, muyezo wa kuchuluka kwa manambala amene makina amalosera pa sekondi iliyonse. Popeza makina amodzi angathe zaka zambirimbiri osapambana ngakhale kamodzi, anthu amalowa m'magulu otchedwa pool, n'kumagawana mphotho malinga ndi ntchito imene aliyense wagwira. Gulu loyamba la mtunduwu ndi Slush Pool la ku Prague, limene linayamba mu 2010 ndipo pano limatchedwa Braiins Pool.

Masamu a mayunitsi

Apa ndi pamene panagona nkhani yonse, ndipo tinakhalapo madzulo athunthu pakhonde, bambowo akulemba okha m'kope.

Antminer S19j Pro yopangidwa ndi kampani ya Bitmain, mtundu umene unali pachithunzicho, imapereka materahashi 100 ndipo imadya mawati 2,950. Mawati amenewo ikudya ola lililonse, osapuma. Pa maola 24 ndi mayunitsi pafupifupi 71. Pamwezi ndi mayunitsi opitirira 2,100. Bambowo anaima kaye kulemba, n'kuyang'ana envulopu yawo ija. Makina amodzi, aakulu ngati timabokosi tiwiri ta nsapato, akanadya magetsi a nyumba zisanu ndi zitatu zofanana ndi yawo.

Tsono zolowa. Kumayambiriro kwa Okutobala 2024, mphamvu ya makina onse okumba Bitcoin padziko inali pafupifupi materahashi 650 miliyoni. Materahashi 100 mwa 650 miliyoni, kuchulukitsa ndi Bitcoin 450 za patsiku, zimapereka pafupifupi 0.00007 ya Bitcoin imodzi. Nthawi imeneyo Bitcoin inali pa madola pafupifupi 62,000, ndiye kuti makinawo akanabweretsa madola 4 ndi pang'ono patsiku. Pa mtengo wa kubanki, umene unali pafupi ndi K1,750 pa dola, ndi ndalama pafupifupi K7,500. Tikagawa ndalama zimenezo ndi mayunitsi 71, tikupeza K100 ndi pang'ono. Nambala imeneyi ndi imene ndimafuna aliyense aipeze asanagule makina alionse: mtengo wa yunitsi umene makinawo amangobweza ndalama ya magetsi popanda phindu. Ngati yunitsi ukugula pamwamba pa nambala imeneyi, tsiku lililonse limene makina ayaka ukutaya ndalama. Malisiti a bambowo anaonetsa kuti yunitsi, msonkho uli momwemo, ankagula pamwamba pa nambala imeneyo.

Mwana wawo titamuimbira pa vidiyo anatsutsa mwaulemu. Anati achimwene, inu mukuwerengera mtengo wa kubanki, koma aliyense akudziwa kuti dola pamsewu imagulidwa mokwera. Ndinamuuza zinthu ziwiri. Choyamba, sindingamangire makolo ake okalamba bizinesi imene phindu lake likudalira kusintha ndalama kunja kwa malamulo. Chachiwiri, ngakhale titawerengera mtengo umenewo, zotsala zikanakhala zopyapyala kwambiri moti tsiku limodzi lopanda magetsi kapena fani imodzi kufa zikanazimeza, tisanayambe n'komwe kubweza ndalama yogulira makina, yonyamulira ndi ya msonkho wa MRA pachipata. Ndinakumbutsanso kuti Reserve Bank of Malawi inalengeza mu 2019 kuti ndalama za mtundu uwu si ndalama zovomerezeka zolipirira zinthu m'dziko muno, ndipo amene akuchita nazo malonda akuchita mwa kufuna kwake. Zinthu zikasokonekera palibe ofesi imene bambowo angapite kukadandaula.

Pali nambala ina imene ndinawaphunzitsa kuyang'ana pa malonda alionse a makinawa, yofunika kuposa materahashi: magetsi amene makina amadya pa terahashi iliyonse. Mumangogawa mawati ndi materahashi. S19j Pro imapereka 29.5. Antminer S9 ya mu 2016, imene anthu amagulitsa pa mtengo wa nkhuku zingapo masiku ano, imadya mawati oposa 1,300 pa materahashi 13.5, ndiye kuti pafupifupi 98. Pa masamu omwe aja, S9 ikanabweretsa ndalama pafupifupi K1,000 patsiku itadya mayunitsi oposa 30. Kutchipa kwake n'chifukwa chakuti eni ake akale anachita kale masamuwa. Antminer S21, imene inali yatsopano nthawi imeneyo, imapereka materahashi 200 pa mawati 3,500, ndiye kuti 17.5, ndipo pa mtengo wa magetsi a m'nyumba ikanatha kutsala ndi kenakake. Koma mtengo wake unali madola masauzande angapo, ndipo ikanafuna maampu oposa 15, zimene zikutifikitsa ku mawaya.

Zimene ndinapeza pakhoma

Magetsi athu ndi a mavoti 230, ndipo pulagi yathu ya mano atatu ili ndi fyuzi ya maampu 13. Kuchulukitsa ziwirizi kumapereka mawati ochepera pang'ono 3,000. S19j Pro ikufuna 2,950. Papepala zikukwana, koma pulagi imeneyo anaipangira ketulo imene imawira mphindi zisanu n'kuzima, kapena simbi imene imadziyatsa ndi kudzizimitsa. Sanaipangire katundu wokoka maampu pafupifupi 13 usana ndi usiku kwa miyezi. Makinawa amabwera ndi zingwe ziwiri zamagetsi, ndipo anthu amaganiza kuti akalowetsa zonse ziwiri pa soketi ya pawiri athana nazo, kuiwala kuti kuseri kwa soketiyo waya ndi mmodzi yemweyo.

Ndinatsegula soketi imene inalipo kale mu boyizi kota. Waya wake anali wa mamilimita 1.5, wa magetsi ounikira, amene wina anaukoka kuchokera pa swichi ya babu zaka zambiri zapitazo. Pa sikuluu ya waya wofiira pulasitiki inali itada, yosanduka khofi, ndipo nditaikhudza ndi sikuludiraiva inanyenyeka ngati chikonyo chowauka. Mayi a panyumbapo anati pamenepo ndi pamene amasitira zovala Loweruka lililonse. Simbi yokha inali itayamba kale kuotcha soketiyo. Waya wa pansi, woteteza munthu kuti asagwidwe ndi magetsi, sunalumikizidwe n'komwe. Ndinaimitsa nkhani ya Bitcoin tsiku limenelo n'kukonza zimenezi kaye, chifukwa m'chipindamo munali matumba a chimanga ndipo denga lake linali la mitengo.

Kuti makina aakuluwo agwire ntchito mosaopsa, panafunika waya wawowawo wochokera pa bokosi lalikulu, wa mamilimita 4 poganizira kutalika kwa mtunda, ndi buleka yawoyawo, ndi chotetezera ku mphenzi. Ndinasiyanso chipangizo choyezera mavoti pa nyumbayo masiku atatu. Masana zinali bwino. Madzulo, anthu onse a m'deralo akayatsa makuka, mavoti ankatsika kufika pa 205, ndipo tsiku lina anafika pa 198. Mavoti akatsika, makina otere amakoka maampu ochuluka kuti apeze mawati omwewo, ndiye kuti waya amatentha kwambiri. Komanso gawo lolandira magetsi la makina a mtundu wa S19 limafuna mavoti apakati pa 200 ndi 240. Akatsika kuposa apo makina amazima, ndipo kuzimazima kotere ndi kumene kumafupikitsa moyo wake.

Kutentha, fumbi ndi phokoso

Magetsi onse amene makinawa amadya amasanduka kutentha. Palibe gawo limene limapita kwina. Mawati 2,950 ndi ofanana ndi gizara yoyaka yosazima, koma m'malo motenthetsa madzi ikutenthetsa mpweya wa m'chipinda. Ku mayiko ozizira anthu ena amagula makinawa dala kuti azitenthetsera nyumba, ndipo kwa iwo kutenthako ndi phindu. Ife tinali mu Okutobala. Boyizi kota ija ili ndi malata opanda siling'i, ndipo nditayeza nthawi ya 2 koloko masana munali madigiri 36, mulibe makina alionse. Opanga amanena kuti mpweya wolowa usapose madigiri pafupifupi 40. Mphindi zochepa chabe chitseko chili chotseka tikanadutsa pamenepo, makina n'kuyamba kudzichepetsa liwiro kapena kuzima. Panafunika kuboola khoma mbali ziwiri, kuika paipi yotulutsira mpweya wotentha kunja ndi sefa ya fumbi kolowera, ndipo sefayo kumaichapa kawirikawiri, poti msewu wodutsa kuseri kwa mpanda wawo ndi wafumbi.

Phokoso ndinawamvetsera pa vidiyo, foni ili pa sipika. Mafani anayi a makinawa amalira pafupifupi madesibelo 75, kulira kosongoka kosalekeza. Mayi anamvetsera masekondi ochepa n'kufunsa kuti, "Usiku amazimitsa?" Nditayankha kuti ayi, anangoti, "Nanga anzathu a kuseriwa tidzawauza chiyani?" Zenera la kuchipinda kwa oyandikana nawo lili mamita osakwana anayi kuchokera pa khoma la boyizi kota.

Nanga sola?

Bambowo anafunsa funso limene aliyense amafunsa: bwanji osangoyendetsa makinawo ndi dzuwa, poti ndi laulere? Mapanelo awo onse pamodzi ndi mawati 2,200 dzuwa lili paliwombo, osakwana ngakhale kuyatsa makinawo. Kuno kilowati imodzi ya mapanelo imapereka mayunitsi 4 mpaka 5 patsiku. Kuti tipeze mayunitsi 71 pakanafunika mapanelo okwana makilowati 15 kapena kuposa, ndiye kuti pafupifupi 30, ndi mabatire ngati lawolo pafupifupi khumi kuti makina adutse usiku. Ndalama ya zonsezi ikanaposa kutalitali imene makinawo akanapanga pa moyo wawo wonse.

Komabe funso lawo linali ndi nzeru mkati mwake, ndipo ndi limene linatitsegulira njira. Nditayang'ana pa inveta ndinaona kuti masiku a dzuwa batire linkadzaza isanakwane 11 koloko m'mawa. Kuyambira pamenepo mpaka cha m'ma 3 koloko masana, mapanelo ankangopereka zochepa zimene filiji ndi wailesi zinkafuna, mphamvu ina yonse n'kumatayika padenga. Magetsi otere, amene alipo kale koma alibe wowagwiritsa ntchito, ndi okhawo amene makina okumba angadye mwaphindu kwa munthu wamba.

Chitsanzo chake tili nacho konkuno. Ku Bondo, m'munsi mwa phiri la Mulanje, kuli timalo topangira magetsi ndi madzi a mtsinje wa Lichenya, toyendetsedwa ndi Mulanje Electricity Generation Agency. Mtsinje umayenda usiku wonse, anthu akumudzi atazimitsa mababu. Kampani ya Gridless ya ku Kenya inaika makina okumba Bitcoin kumeneko kuti azidya magetsi otsalawo, ndipo ndalama zake zimathandiza kuyendetsa malowo. Anachitanso chimodzimodzi ku Zengamina, pa mtsinje wa Zambezi kumpoto chakumadzulo kwa Zambia. Anthu akufuna magetsi, makina amachepetsedwa. Anthu akagona, makina amadya. Nkhani ya ku Bondo imandisangalatsa kwambiri, ndipo ndimaifotokoza kwa aliyense wondifunsa, chifukwa imaonetsa kuti makinawa amatsatira magetsi otchipa kumene ali. Ndi chifukwa chomwecho dziko la China litaletsa kukumba mu 2021, makina ambiri anasamukira ku Texas ndi ku Kazakhstan. Kunyamula makina kuwabweretsa kumene magetsi amagulidwa pa mita ya m'nyumba ndi kuyenda chobwerera.

Njira zina zimene tinazikana

Mdzukulu wawo, mnyamata wa Fomu 3 amene amakhala nawo, ali ndi kompyuta ya masewera imene bambo ake anamutumizira, ndipo anafunsa ngati ingakumbe. Bitcoin inasiya kukumbika ndi makompyuta wamba kalekale, makina opangidwira ntchito imeneyi yokha atayamba kutuluka mu 2013. Anthu okhala ndi makadi a zithunzi, zida za m'makompyuta a masewera, ankakumba ndalama ina ya pa intaneti yotchedwa Ethereum, koma pa 15 Seputembala 2022 Ethereum inasintha kayendetsedwe kake n'kusiyiratu kukumba. Ndalama inanso yotchedwa Monero imakumbika ndi kompyuta wamba, koma zolowa zake pa kompyuta imodzi n'zochepa moti sizikanabweza mayunitsi. Mnyamatayo anandionetsanso maapu a pafoni olonjeza kuti ukalipira ndalama ina yake adzakukumbira kunja n'kumakutumizira phindu tsiku ndi tsiku. Ndinamuuza kuti achotse. Foni siingakumbe chilichonse chooneka, ndipo ambiri mwa maapu olonjeza phindu lokhazikika amalipira oyamba ndi ndalama za obwera pambuyo mpaka tsiku limene amatseka.

Za makina a ku Johannesburg aja, ndinapempha mwana wawo kuti wogulitsayo ajambule vidiyo ya makina akuyaka kwa ola limodzi, ndi tsamba lake la pakompyuta likuonetsa mabolodi onse atatu amene amagwira ntchito yokumba mkati mwa makinawo, liwiro la lililonse ndi kutentha kwake. Aliyense wogula makina akale aziyamba ndi pempho limeneli. Vidiyo inabwera patatha masiku anayi, ndipo bolodi limodzi linkaonetsa ziro. Makina a materahashi 100 anali kupereka 66. Chikomekome cha nkuyu. Wogulitsa anati ndi vuto laling'ono la chingwe, koma zida zosinthira za makinawa zimachokera kunja, ndipo bolodi likafa muli ku Area 25 ndiye kuti mukudikira masabata makina ali chete. Mwanayo anasiya yekha nkhaniyo atangoona vidiyoyo.

Chimene tinasankha

Ndinalangiza zinthu ziwiri, ndipo chachikulu sichinali cha Bitcoin. Mayi amagulitsa mafilizesi ndi thobwa pageti, ndipo filiji yawo yaing'ono inkawachepera. Filiza yaikulu imadya yunitsi imodzi kapena imodzi ndi theka patsiku, ndipo mbali yaikulu ya ntchito yake ingagwiridwe masana pa magetsi otsala aja. Pa yunitsi iliyonse, mafilizesi ogulitsidwa kwa ana a sukulu m'nyengo yotentha amabweretsa makwacha ochuluka kuposa makina alionse okumba amene tinawerengera, ndipo ndalama yake imalowa m'manja tsiku lomwelo. Mbali yaikulu ya ndalama imene mwana anakonza inapita ku filizayo ndi kukonza mawaya a boyizi kota.

Chachiwiri chinali cha bambo ndi mdzukulu wawo, amene onse awiri chidwi chinali chitawagwira ndipo sindinafune kuchizimitsa. Tinasankha kamakina kakang'ono kotchedwa Avalon Nano 3 ka kampani ya Canaan. Kamapereka materahashi 4 pa mawati 140, kamalumikizika pa Wi-Fi, kamakwana padzanja, ndipo phokoso lake ndi la kafani ka patebulo. Tikagawa mawati ndi materahashi tikupeza 35, ndiye kuti pa yunitsi iliyonse kamapanga zochepa kuposa S19j Pro. Ubwino wake pa nyumba imeneyi ndi wakuti kamakwana bwinobwino mu magetsi otsala, sikafuna waya wapadera, ndipo kakawonongeka palibe amene agone ndi njala. Ndinawauza mosabisa kuti ndi chipangizo chophunzirira, ndipo kuti ndalama yogulira kameneka mwina siidzabwerera.

Kanafika pakati pa Novembala m'chikwama cha munthu wochokera ku Johannesburg. Ndinakalumikiza ku mbali ya inveta kudzera pa soketi yokhala ndi wotchi, yoyatsa 10 koloko m'mawa n'kuzimitsa 3 koloko masana. Maola asanu pa mawati 140 ndi mayunitsi 0.7. Rauta ndinaisamutsiranso ku inveta, chifukwa makina okumba sadya bandulo yambiri koma intaneti ikaduka ntchito yonse imaima. Tinasankha pool yolipira kudzera pa Lightning, njira yotumizira tindalama tating'ono ta Bitcoin, poti magulu ena salipira mpaka ndalama zitafika pa mlingo umene kamakina kotere kangaufikire patatha zaka. Mawu achinsinsi otsegulira chikwama cha Bitcoin, chimene amasungiramo ndalamazo, analembedwa papepala ndi dzanja la bambowo, ine nditatuluka panja. Ndinawauza kuti asawajambule pafoni, asawatumize pa WhatsApp ngakhale kwa mwana wawo, ndipo aliyense wowapempha mawuwo, kaya anene kuti ndi wa kampani, ndi wakuba.

Zotsatira

Kumayambiriro kwa Disembala 2024 Bitcoin inadutsa madola 100,000 koyamba, ndipo bambowo anandiimbira m'mawa kwambiri. "Amisiri, mwaona? Tikanagula aakulu aja!" Ndinapita ndi kope lomwe lija tinachitanso masamu. Zoona, pa mtengo watsopanowo makina a materahashi 100 akanabweretsa madola pafupifupi 6 patsiku m'malo mwa 4, ndipo akanafika pafupi ndi kubweza ndalama ya mayunitsi. Sanakwere mofanana ndi mtengo wa Bitcoin chifukwa makina padziko anali atawonjezekanso. Koma amene anali pamalonda aja anali a 66, osati 100, ndipo masiku opanda magetsi, mawaya, kuboola khoma ndi msonkho zinali zisanalowe m'masamuwo. Ndinaonjezera mfundo imene ndimaona kuti anthu ambiri amaiphonya. Munthu amene akukhulupirira kuti mtengo wa Bitcoin ukwera, ndipo wavomera chiopsezo chake, akagula mayunitsi a K10,000 n'kukumba Bitcoin ya K7,000 wapeza zochepa kuposa amene anangogula Bitcoin ya K10,000. Kukwera kwa mtengo kumapindulira onse awiri, koma woyambayo wayamba ndi zochepa. Bambowo anayang'ana manambalawo nthawi yaitali, kenako anati, "Masamu sanama, koma mtima umafunabe." Ndinawamvetsa.

Mu Januwale mvula inasintha zinthu. Panali masiku otsatizana amitambo pamene batire silinadzaze, ndipo kamakina kanayamba kudya magetsi amene banjalo likanafuna usiku. Apa ndinalakwitsa ndine, chifukwa wotchi imadziwa nthawi yokha, siidziwa mitambo. Usiku wina magetsi atazima batire linatha isanakwane 4 koloko m'bandakucha, filiza n'kuzima. Sipanawonongeke kanthu, koma ndinabwerera kukasintha. Lamulo latsopano ndi lakuti mdzukulu aziyang'ana pa inveta asanapite kusukulu ndi pobwera, ndipo kukakhala mitambo pulagi ya kamakina izulidwe. Kwa wina amene angachite zofanana, njira yabwino ndi kulumikiza soketiyo pa kotulukira ka inveta kamene kamayaka pokhapokha batire likafika pa mlingo woikika, ngati inveta yake ili nako.

Ulendo womaliza ndinapita pakati pa Febuluwale 2025. Pa miyezi itatu kamakina kanali katasonkhanitsa masatoshi pafupifupi 4,000. Satoshi ndi kagawo kamodzi mwa magawo 100 miliyoni a Bitcoin, choncho zonsezo zinali pafupi ndi madola 4, ndalama imene mayi anati amaipeza pageti tsiku limodzi lotentha. Soketi yatsopano mu boyizi kota inali yozizira nditaikhudza pambuyo pa kusita. Pa sefa ya kamakina panali fumbi lofiira lopyapyala, ndipo ndinamuonetsa mdzukuluyo mmene angalichotsere ndi kaburashi kofewa kamakina katazimitsidwa. Iye ananditulutsira kope la agogo ake lija. Anali atajambula mizere inayi: tsiku, maola amene kamakina kayaka, kutentha kwake, ndi masatoshi. Pansi pa tsamba la Januwale anali atawerengera yekha mtengo wa yunitsi umene kamakinako kangabwezere ndalama ya magetsi, n'kuuyerekeza ndi lisiti la mwezi umenewo. Anandifunsa ngati kuwonjezera mapanelo awiri kungalole kuti kaziyaka maola asanu ndi awiri. Tinakwera padenga kukayeza malo, ndipo tinapeza kuti mthunzi wa mtengo wa mango wa oyandikana nawo umafika mbali imeneyo kuyambira 2 koloko masana.